Mtsuko Wodikira wa aNangondo

Sendererani kuno, inu. Iwe Tadala, siya foniyo, siithawa. Enanu khalani pamphasa pano pamthunzi, manja azisankha mpungawo, makutu akhale kwa ine. Mwakhala mukundiseka kuti ndimamata mbewu mumtsuko ngati munthu wakalekale, pamene masiku ano mbewu ikugulitsidwa m'mapaketi ku Zomba. Chabwino, sekani. Koma imvani kaye za chaka chimene nyanja inauma, mukamva mudzaweruze nokha.

Musandifunse nambala ya chakacho, ine kusukulu ndinangodutsa panja. Chimene ndikudziwa n'choti mayi ako Maliya, iwe Tadala, anali atangoguluka mano akutsogolo, ndipo malume ako Davide anali akuyamwa.

Pakhomo pano tinalipo ine, amuna anga a Filipo, ana awiriwo, ndi amayi anga aNangondo, amene nyumba yawo inali apo pali mpapayapo. A Filipo anali msodzi. Anachokera cha ku Phalombe, anabwera pa Kachulu kudzapha matemba, n'kundipeza ine, n'kukhala pachikamwini. Anali munthu wopemphera, mkulu wa mpingo, wosamwa, wosamenya. Amayi anali opempheranso, koma pakamwa pawo panali tsabola. Awiriwa, monga mwa mwambo wa apongozi, sankayang'anana kumaso kapena kulankhulana. Akafuna kuuzana kanthu, mlatho ndinali ine.

Amayi anali ndi mpunga wawo, waufupi, wofiirira, wocha msanga, umene anaulandira kwa amayi awo. Tikakolola ankaugawa chonchi: wina wa Mulungu, wopita kutchalitchi pa masika, wina wodya, wina wa mbewu ya kumunda. Ndiye panali wina, mtsuko umodzi waukulu, womata ndi dothi pakamwa. Umenewo ankautchula kuti wodikira. Sunkatsegulidwa mpaka mbewu yoyamba itaoneka kuti yapulumuka, kapena yafa.

Okutobala

Mvula inali itatinamiza zaka zotsatizana, nkhokwe zitafika pansi kalekale. Koma ife akunyanja sitinkaopa njala ngati anthu akumtunda. Chimanga chikakana, matemba ankatigulira ufa. Chaka chimenecho nyanja nayo inatikana. Inayamba kubwerera pang'onopang'ono ngati mlendo wochita manyazi kutsanzika, lero apa, mawa uko, mpaka padoko pa Kachulu panatsala matope okhaokha. Matope aja anauma n'kung'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana. Mabwato anangogona chammbali ngati ng'ombe zakufa. Anthu a ku chilumba cha Chisi ankabwera kumsika wapansi, ena panjinga, fumbi lili koboo, pamalo pomwe asodzi ankakoka makoka.

Zokamba zinachuluka. Ena ankati alendo aboola pansi, madzi akupita kwawo. Ena ankati mizimu ya pa Chisi yakwiya chifukwa anyamata akupha tiana ta nsomba ndi maneti a udzudzu. Ena anakathira nsembe. Ife tinkapempha kutchalitchi, mnansi wanga Abiti Saidi ndi amuna ake Che Bwanali ankapempha kumzikiti. Kumwamba kunangoti mbee.

A Filipo ankangokhala pakhonde kusoka maukonde amene analibe pong'ambika. Tsiku lina anadzuka n'kulowa m'nyanja youma ija, anakafika kutali kupitirira pomwe ankamangirira mabwato. Pobwera anali atafumbata dothi.

"Amake Maliya, taonani dothi ili. Lakuda bii ngati chiwindi. Limeneli lingafune feteleza?"

Maso awo anali akuwala monga ndinali ndisanawaonepo. Mumvetse, ana inu. Munda umene ankalima unali wa amayi. Nthochi zinali za amayi. Ngakhale mthunzi umene ankapumulapo unali wa mtengo wa amayi. Koma pansi pa nyanja panalibe agogo a munthu amene analimapo. Panalibe woti anganene kuti apa m'pathu. Sabata isanathe, akamwini a mudzi wonse anali ali m'nyanja muja ndi zikhomo, aliyense akukhoma malire ake. Amuna a imvi ankathamanga ngati ana.

Novembala

Lamulungu lina abusa anali kumpingo wina, ndiye olalikira anali a Filipo. Anatenga nkhani ija ya nyanja imene inatseguka, anthu a Mulungu n'kuwoloka pouma. Anati Mulungu watseka dzanja limodzi, la nsomba, koma watsegula lina, la minda. Anati amene akuopa kubzala m'nyanja akukayikira mphatso. Analalika mokoma, ndikunenatu zoona. Akamwini ankavomera mokweza, ine ndemwe misozi inalengeza.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Filipo anakaima kuseri kwa nkhokwe. Amayi anali pakhonde pawo atafulatira, akufwenkha fodya wawo wamphuno.

"Amake Maliya, muwauze amayi kuti ndikupempha mbewu. Yonse, ndi yamumtsuko yomwe. Malo ndi aakulu."

Amayi anamva zonse, koma anadikira kuti ine ndibwereze.

"Edina," anatero kwa ine, "umuuze mwamuna wakoyo kuti ulaliki wake ndaumva, wakoma. Koma umufunse: anthu aja nyanja itawatsegukira, analimapo? Anawoloka n'kumapita. Amene anachedwamo ndi aja madzi anawapeza."

Ndinabwereza, koma ndinachotsako tsabola.

"Muwauze kuti wokhulupirira sasiya phazi limodzi kumbuyo. Kusunga mtsuko n'kumuuza Mulungu kuti sitikumudalira."

"Umuuze kuti Mulungu amene anatipatsa mbewu ndi yemweyo anatipatsa mutu, ndipo mutu si wosenzera madzi okha. Nyanja iyi ine ndinaionapo itauma ndili mtsikana. Inabwerera osagogoda. Madzi saiwala khwawa."

"Muwauze kuti ikabwera idzapeza titakolola."

"Umufunse ngati yamutumizira uthenga."

Ine pakatipo khosi linali litatopa ndi kutembenuka. Pomaliza amayi anati: "Ya kumunda atenge, thukuta lake lilimo. Yodikira ayi. Akaifuna adikire ndife kaye."

A Filipo anatsamira nkhokwe. Kenako anati, osauza ine kapena amayi, kungouza nkhokwe: "Ndameretsa imvi pamudzi pano, koma ndikadali mlendo."

Mawu amenewo anandipweteka, poti sanali abodza.

Disembala

Mvula inagwa. Inagwa bwino, yamadontho akuluakulu, dothi n'kununkhira. A Filipo anamwaza mbewu yonse ya kumunda m'nyanja muja, ine ndikuwathandiza, Davide ali kumsana. Munda wa amayi wa kudambo tinausiya, udzu unangomera. Kachimanga tinabzala kuseri kwa nyumba kuno basi.

Mpunga uja unamera, abale inu! Chibadwire sindinaonenso wotero. Kuyambira padoko mpaka komwe maso amathera kunangoti biriwiri. Anthu ankachokera kumtunda kudzangoona. A Filipo ankapita m'mamawa n'kukaima pakati pake, chipewa chili m'manja, akuimba nyimbo yoyamika. Azimayi anzanga kutchalitchi ankandinong'oneza kuti, "Amayi anu aja mtsuko wawo adzagona nawo m'manda?" Amayi akamva ankangoti, "Mmm," n'kufwenkha fodya.

Koma mpunga wobiriwira sadya. Njala inali italowa kale. Kumsika ogulitsa chimanga anasiya kuyeza ndi ndowa, anayamba kambale, ndipo kambale kaja kankachepa sabata ndi sabata pamene mtengo ukukwera. Madeya amene tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha anthu, nawonso ogula. Mango anatha ali osapsa. Tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka. Ganyu ankasowa, poti olemba ganyu nawo anali akufuna ganyu.

Pa Khirisimasi Maliya anapita kwa agogo ake n'kukasisita mtsuko uja.

"Agogo, lero anthu amadya mpunga."

"Umenewu si mpunga, mwanawe. Ndi chaka chamawa."

Mwana analira. Amayi anamupatsa gawo lawo la madeya, n'kunena kuti iwo m'mimba mukuwapota. Ndinakhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo m'mimba mwawo munkapota kawirikawiri nthawi ya chakudya.

Januwale

Chaka chitangolowa, mvula inasintha mtima. Inayamba kugwa osapuma, usana wonse, mawa lake chimodzimodzi, yamvumbi yosaona dzuwa. Kumapiri a Zomba kunali kuli bii. Mtsinje wa Likangala unadzaza n'kusefukira, ndipo madzi onsewo ankadziwa kwawo.

Sanabwere ndi phokoso ayi. M'mawa wina tinangoona kuti m'mizere ya ming'alu muja mukunyezimira. Amuna anati, "Eya, mpunga umakonda madzi." Masana anafika m'akakolo. Mawa lake m'mawondo. Amuna anathamanga ndi makasu kukaunjika migula, koma ungamangire nyanja mgula? Dothi ankaliika apa, madzi n'kuzungulira uko. Pofika Loweruka, pomwe panali biriwiri panali madzi ofiira okhaokha, zikhomo za malire zikungoonekera mitu.

A Filipo ndinawapeza ataima madzi ali m'chiuno, akufufuza mpunga ndi zala za kumapazi. Akaupeza ankawerama n'kuzula katsinde, kuuyang'ana, n'kuusiya upite. Ndinawaitana, iwo anangopitiriza kuzula. Ndinalowa n'kuwagwira malaya.

"Bambo a Maliya, tiyeni kunyumba."

"Kunyumba kwa yani?" anatero.

Kachimanga kathu nako kanachita chikasu ndi madzi. Nyanja inabwerera, koma nsomba ayi, inali madzi chabe. Tsopano njala inakhala pansi n'kutambasula miyendo. Anthu anagulitsa malata a padenga, mawailesi, mbuzi pamtengo wa nkhuku. Banja lina linasamukira ku Zomba kukapemphetsa. Che Bwanali anakwera njinga kupita ku Mozambiki kukafuna ganyu wa makaka, chinangwa chouma chija. Ife azimayi tinkalowa m'zithaphwi kukumba nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi, yakuda, yowawira, yoti ukadya m'mimba mumangolemera osakhuta.

A Filipo anasiya kupita kutchalitchi. Belu likalira ankatembenukira kukhoma. Akamwini anzawo, amene anataya mbewu pomvera ulaliki uja, ena sankawalonjera. Wina anawakuwira pamsewu kuti, "Abusa a panyanja, mpunga wacha? Tibwere ndi zikwakwa?" Iwo anangopitirira. Pakudya anasiya kupemphera. Ndikati tipemphere, ankati, "Pempherani inu, ine anandimva kale."

Amayi anatuma mawu kudzera mwa ine kuti madzi akayamba kutsika kudambo, akonze nazale, mtsuko utsegulidwe. A Filipo anati, "Muwauze kuti dzanja langa ndi lowola, chimene lagwira chimafa." Khasu sanaligwire.

M'masiku amenewo ndi pamene ndinaona mapazi a amayi. Anali atatupa, ukadina chala pamatsala dzenje. Nkhope inali itatupanso, tsitsi litafiira. Nyika zinkawakana, akadya ankasanza. Anasiya kutuluka m'nyumba. Ngakhale fodya wawo anamusiya, ndipo apo m'pamene ndinachita mantha.

Tsiku lina chakumasana ndikuchokera kokumba nyika, ndinapeza mtondo uli pabwalo. Pambali pake panali mtsuko wodikira. A Filipo anali atautulutsa amayi ali m'tulo, atagwada, akuswa dothi la pakamwa ndi mpeni. Mpunga wina unali utatayikira pansi.

"Bambo a Maliya, mukutani?"

"Ndikuwasinjira phala. Mapazi awo mwawaona? Ine ndataya mbewu ya pamudzi pano, tsopano ndiphenso mwini mudzi? Adye. Zinazo Mulungu adziwa, ngati akuona."

Ndinaima ndi dengu pamutu. Mtima wina unkati, sinjani msanga, ndi mayi anga. Mtima wina unkayang'ana Davide, amene anali atasiya ngakhale kulira.

Tinamva chitseko. Amayi anali atakwawa mpaka pakhomo, atatsamira mphuthu.

"Bambo a Maliya."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, mwachizolowezi. Amayi anandikwezera dzanja.

"Iwe khala chete, watopa. Bambo a Maliya, ndikulankhula ndi inu. Tembenukani, ndione nkhope ya munthu amene wandilimira zaka zonsezi."

Mpeni unagwa. A Filipo anatembenuka ali chigwadire, koma maso anali pansi.

"Amayi, ndakuphani ndine. Lolani ndikusinjireni. Chilango chigwere ine."

"Phala limeneli ndidya mpaka liti? Tonse asanu pano, mtsuko umenewu utifikitsa pati? Mwezi uno sutha. Ndiye m'Juni ana awa adzadya chiyani, mtondo?" Anapuma kaye, mpweya unkawavuta. "Mu Novembala munkafuna kuitaya mbewuyi chifukwa chokhulupirira. Lero mukufuna kuitaya chifukwa mwasiya kukhulupirira. Ndi phuma limodzi lomwelo, langovala malaya ena."

"Mulungu wandichititsa manyazi, amayi."

"Mulungu sanakunamizeni. Sanakuuzeni kuti nyanja ndi yanu. Munadziuza nokha, chifukwa mumafuna munda, n'kumuika Iye mawu m'kamwa. Kufuna munda si tchimo. Inenso pakamwa pangapa sipanakuthandizeni, ndikudziwa. Koma musamuthawe ngati wakulandani kanthu."

A Filipo anayamba kulira, kulira kwa mwamuna, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Munda wa kudambo uja mumati ndi wanga. Ine ndikaulimanso liti? Kafeseni. Ndipo Lamulungu mupite kutchalitchi. Ngati kutsogolo kukuchititsani manyazi, mukakhale kumbuyo. Benchi yakumbuyo nayo ili m'nyumba ya Mulungu."

Analola wokhawo umene unatayikira pansi. Maliya anautola kambewu kamodzikamodzi, ndinausinja, n'kuphika kaphala kamadzimadzi m'kapu. Amayi analawa ndi nsonga ya supuni, akuti, "Wakoma ngati kale," n'kumwetsa Davide wotsalawo.

Mawa lake a Filipo ananyamula khasu.

Febuluwale

Mwezi uwu sindikonda kuukamba. Ndi waufupi, koma chaka chimenecho unakana kutha.

Nazale a Filipo anaikonza m'mbali mwa chulu, pomwe madzi sanafike. Masana onse ankakhala pomwepo kuingitsa mbalame, ndi anthu omwe, poti munthu wanjala akhoza kutola mbewu yofesa kale. Pamene mbande zinkakula, iwo ankatipula munda uja, kulima pang'ono n'kukhala pansi, chizungulire chikatha n'kudzukanso. Lamba wawo anaboola mabowo atsopano mpaka anasiya, n'kumangira luzi.

Maliro anachuluka, makamaka a nkhalamba ndi makanda. Pamaliro sipankaphikidwa kanthu. Anthu ankaimba nyimbo imodzi mawu n'kutha. Adzukulu ankakumba manda mosinthana kawirikawiri, ndipo sankafika pakuya pa masiku onse.

Za chithandizo cha chakudya tinkamva tsiku ndi tsiku. Chafika kwa Kuntumanji. Ayi, galimoto yatitimira m'matope. Ayi, chapita kwina. Chitafika chinali chochepa, nyumba zingapo kugawana thumba, ndi kaufa ka phala la ana. Chinatithandiza, sindingakane. Koma amayi m'mimba mwawo munali mutatseka kale, ankameza masupuni awiri n'kukankha mbale.

Che Bwanali anabwerera wapansi, njinga atasinthanitsa ndi makaka, iwo ataonda ngati bango. Tsiku lomwelo Abiti Saidi anabwera ndi kanthu m'chitenje.

"Anzanga, tengani, musawerenge. Muwaphikire amayi."

"Abiti, nanga ana anu?"

"Iii, inu, njala imafunsa kuti umapemphera Lachisanu kapena Lamulungu? Tengani ndisanasinthe maganizo."

A Filipo anapita kutchalitchi monga anauzidwira, n'kukakhala benchi yakumbuyo pamodzi ndi ana ochedwa. Masabata angapo sanatsegule pakamwa. Lamulungu lina, nthawi ya zolengeza, anaimirira komweko kumbuyo.

"Abale, tsiku lija ndinalalika zimene mtima wanga unkafuna, n'kunena kuti ndi Mulungu. Ambiri munataya mbewu chifukwa cha ine. Ndilibe chokubwezerani lero. Ndikhululukireni."

Ena anakhululuka, ena ayi. Uja anawakuwira pamsewu anatuluka. Koma tsiku lowokera litafika, kumapeto kwa mwezi, ndinaona azimayi a mpingo akubwera m'mawa, ndi akamwini angapo, ndi Abiti Saidi atakwinya chitenje. Tinawokera titawerama m'matope, m'mimba mulibe kanthu, wina akagwa ndi chizungulire tinkamukokera pamgula n'kupitiriza. Panalibe choti tiwapatse. Sanafunsenso.

Madzulo a Filipo anabweretsa kamtolo ka mbande zotsala. Analowa nako m'nyumba mwa amayi okha, popanda ine. Ndinasuzumira pakhomo. Amayi anazigwira, kuzinunkhiza, n'kusisita mizu.

"Mwawokera motalikitsa bwanji?"

"Chikhatho chimodzi ndi theka, amayi."

"Mmm. Mwayamba kumva."

Anaseka onse awiri. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akuseka limodzi.

Malichi

Amayi anatisiya mwezi utangoyamba, m'mawa, mpunga utangogwira n'kuyamba kuphukira. Sanavutike. Anandiuza kuti ndiwatembenuzire kukhomo aone kunja, ndinawatembenuza, ndinapita kukatunga madzi, pobwera anali atapita.

Chaka chimenecho anthu ankaikidwa m'mphasa, matabwa akanagula ndani? A Filipo anati, "Awa ayi." Anapita padoko pomwe panali bwato lawo lamatabwa. Dzuwa linali litaling'amba, komabe likanamatika, ndipo anthu anali atayamba kunena kuti timatemba taoneka. Analiphwasula. Amayi anapita m'bokosi lonunkha nsomba ndi phula, ndipo pamaliro, anthu atawapempha kuti alalike, a Filipo anakana. Anangonyamula nawo, kutsogolo, mpaka kumanda.

Ana inu, pali funso limene ndakhala nalo mpaka lero. Phala lija, tikanasinja mtsuko wonse, kodi likanawasunga amayi ndi mphamvu mpaka chithandizo chija? Kapena likanatha, n'kufabe, ife n'kutsatira? Sindidziwa. Ndamufunsa Mulungu kambirimbiri, kumunda, kutchalitchi, pamanda pawo. Sanandiyankhe. Koma sindinamusiye, ndipo Iye sanandisiye. Amayi ankati munthu sasamuka pamudzi chifukwa bambo ake akhala chete.

Kumapeto kwa mwezi maungu anayamba, ndi nkhwani, ndi tizitsononkho ta chimanga chimene chinapulumuka. Davide anayambanso kulira, ndipo kulira kwake kunandikomera ngati nyimbo.

Juni

Mpunga unacha mochedwa, kuzizira kutayamba. Sunali wambiri ngati uja wa m'nyanja ukanakhalira. Ngala zake zinali zazifupi, mbalame zinadyako. Koma unali mpunga, wofiirira, wa amayi.

Titamenya n'kuupeta, ana ataunjikana ndi njala yawo ya miyezi, ine ndinatenga lichero kuti ndikasinje. A Filipo anati, "Dikirani kaye, amake Maliya." Anapatula dengu la Mulungu. Kenako anatulutsa mtsuko uja, anasankha mpunga wokhwima bwino, anadzaza mpaka pakhosi. Anakanya dothi okha, n'kumata pakamwa, kusalaza ndi chikhatho monga ankachitira amayi. Atatha m'pamene anati, "Tsopano sinjani."

Pa Lamulungu la masika madengu anali ochepa kwambiri, kutsogolo kunali ngati pamsika wotha. A Filipo anasenza lathu pamutu, ngati mzimayi, kuchokera pakhomo pano mpaka kuguwa. Atatula anabwerera ku benchi yawo yakumbuyo. Akuluakulu a mpingo anagwirizana kuti mpunga wa masika chaka chimenecho usagulitsidwe, ugawidwe ngati mbewu kwa amene anataya yawo m'nyanja. Ngakhale uja wa zikwakwa anatambasula chipewa chake. Ndiye mukamamva anthu kuno akuti mpunga wa aNangondo, musamaganize kuti ndi dzina lochokera ku boma.

Abiti Saidi tinawapititsira wawo kunyumba. Anati, "Anzanga, ine ndinakupatsani makaka, inu mukubweza mpunga? Chaka chamawa ndidzakupatsaninso makaka."

Tsopano mufuna kudziwa kuti anthu amenewa anathera kuti.

Che Bwanali sanapezenso mphamvu chibwerere ku Mozambiki, anadwaladwala n'kumwalira mvula zingapo zitadutsa. Abiti Saidi alipo, maso anachita khungu, akukhala kwa mwana wawo kumtunda. Ndikapita amandizindikira ndi kutsokomola.

Davide, amene anamwa phala lija, ndi uja ali ku Joni, wotumiza mafoni amene akukusokonezaniwa. Maliya ndi mayi ako, Tadala. Ukadzamuona akutola kambewu kamodzi ka mpunga pansi, usamuseke.

Agogo anu a Filipo anakhala zaka zambiri. Bwato lawolawo sanakhalenso nalo, ankakwera a anzawo. Patapita nthawi mpingo unawabwezera kutsogolo, koma ulaliki wawo unafupika, ndipo asananene kuti Mulungu akuti, ankayamba akhala chete kanthawi. Nyanja itadzaumanso, iwo ali ndi ndodo, anaona akamwini achinyamata akupita ndi zikhomo. Anakakhala padoko pomwe ankamangirira mabwato, aliyense wodutsa n'kumuuza kuti, "Bzala, mwana wanga, njala ndi yoopsa. Koma usabzale yonse." Ena anamva. Ena anati nkhalamba ilibe chikhulupiriro. Iwo ankangoti, "Mmm."

Atadwala matenda omaliza, abale awo anabwera kuchokera ku Phalombe kuti awatenge akagone kwawo. Anakana. Anati, "Kwathu ndi kumene ndinapatsidwa munda." Tsiku lomaliza, abusa atapemphera, anandikodola. Ndinkayesa anena za ana. Anafunsa kuti, "Mtsuko mwamata?" Ndinati ndamata. Ali uko, pafupi ndi apongozi awo, ndipo kumeneko safunanso mlatho.

Ine ndi uyu mukundionayu, mano atha, mawondo akukana, tchalitchi ndimafika belu lachiwiri litalira. Manja awa sakuthanso kukanya bwino.

Tadala, mpungawo wakwana. Dothi lili apo paphale. Thira madzi pang'ono, ukanye, ubwere ndikuonetse pomata.